Amayeza mphika, sayeza munthu

Boma lililonse likafuna kuthandiza anthu aulumali, pali funso limodzi limene silingalizembe lisanatulutse ngakhale tambala: woyenera kulandira ndani? Ukalimva pa wailesi funsoli limaoneka lophweka. Koma yankho lake likangolembedwa pa fomu limasanduka mpanda, wina mkati wina kunja, ndipo mpanda sufunsa kuti wakunjayo ndi m'bale wa yani. Lero ndikufuna tikambirane za mpanda wathu wa kuno ku Malawi, pamene udazikidwa, ndi chifukwa chimene ine ndikuonera kuti udazikidwa pamalo polakwika. Ndineneretu kuti nkhaniyi ndili nayo mbali. Kwathu ndi ku Mayani, kwa Tambala m'boma la Dedza, ndipo amayi anga aang'ono, opondana ndi amayi ondibereka, ayendera ndodo ziwiri pafupifupi moyo wawo wonse. Poliyo idawagwira asanayambe n'komwe sukulu. Mwendo wamanzere udafota, wamanja udatsala ndi mphamvu pang'ono.

Chandiputa kuti ndilembe ndi mkangano wa m'kalasi. Semesita ino tikuphunzira za misonkho, ndipo tidafika pa chinthu chimene pa Chingerezi amati tax credit. Mwachidule, ukawerengetsera msonkho umene munthu ayenera kupereka pa malipiro ake, boma limati pa msonkhowo chotsanipo zakutizakuti, chifukwa munthuyu wasenza katundu amene ena alibe. Mayiko angapo amachitira zimenezi anthu aulumali. Anzanga ambiri, makamaka aja okonda kulusa pa gulu lathu la WhatsApp pakati pa usiku, adagwirizana kuti ifenso titengere. Akunena zoona kuti PAYE yathu siona nkhope. Mphunzitsi wosaona, amene amachita kulipira munthu womuwerengera makope a ana, amadulidwa chimodzimodzi ndi mnzake wopenya. Ine sindikukana kuti mphunzitsi ameneyo apepukidwe. Ndidangofunsa kuti, nanga ku Mayani chinthu chimenechi chingafike pakhomo pa yani?

Tiyambe taona mmene eni akewo amayezera. Ku Canada kuli fomu yotchedwa T2201. Gawo lina amalemba mwini wake, gawo lina dokotala kapena katswiri wina wa zachipatala. Dokotalayo ayenera kutsimikiza kuti vutolo lakhalapo, kapena likhalapo, kwa miyezi 12 yotsatizana, ndiponso kuti limamulepheretsa munthuyo pa zinthu za tsiku ndi tsiku monga kuyenda, kuyankhula, kumva, kudya, kuvala ndi kudzithandiza. Pali mfundo imodzi m'menemo imene idandigwira mtima. Akuti ngakhale munthu atakhala kuti amatha kuchita chinthucho, ngati chimamutengera nthawi yochuluka katatu kuposa mnzake wa msinkhu wake, ndipo zimakhala choncho pafupifupi nthawi zonse, ndiye kuti ndi woyenera. Nditawerenga pamenepo ndidaona njira ya ku mjigo kwathu. Mng'ono wanga amapita ndi kubwerako madzi a nsima asanawire. Amayi aang'ono, masiku amene amadzikakamiza kupitako, amabwerako ife titadya kale, ndiye opanda ndowa, chifukwa manja onse awiri ali pa ndodo. Pa muyeso wa ku Canada akhoza kudutsa popanda mkangano.

Atadutsa, alandira chiyani? Palibe. Thandizo la ku Canada lija ndi lochotsera pa msonkho umene uli nawo kale. Ngati ulibe msonkho woti upereke, boma silikupatsa ndalama pamanja. Chimene ungachite ndi kusamutsira mwayiwo kwa m'bale amene amakusamala, ngati iyeyo amakhoma msonkho. Eni akewo adaliona vutoli, moti mu 2025 adayamba kupereka ndalama zenizeni mwezi ndi mwezi kwa aulumali opeza zochepa. Kuno kwathu ku Africa, a ku Kenya adakonza zoti munthu waulumali amene adalembetsa ku khonsolo yawo ya anthu aulumali asamadulidwe msonkho pa mashilingi 150,000 oyamba a malipiro ake pa mwezi. Anansi athu a ku Zambia nawo ali ndi kuchotsera kwawo pa msonkho kwa amene adalembetsa ku bungwe la ZAPD. Zonsezi n'zabwino, ndipo zonsezi zimayamba ndi pepala limodzi: la malipiro a pamwezi.

Pa msika wa Mayani mungayende kuchokera kwa ogulitsa kachewere mpaka kwa okonza njinga osakumana ndi munthu wodziwa maonekedwe a pepala limenelo, kupatula aphunzitsi, azaumoyo ndi apolisi. Komanso mu 2024 boma lidakweza malire a ndalama zosadulidwa msonkho kufika pa K150,000 pa mwezi, kutanthauza kuti ngakhale olembedwa ntchito ambiri a malipiro ochepa PAYE siwakhudza. Ndiye kuchotsera msonkho kungathandize kagulu kochepa ka aulumali amene adapulumuka kale, amene adaphunzira n'kupeza ntchito m'tauni. Otsalawo angomva pa wailesi.

Musaganize kuti amayi aang'ono sakhoma msonkho. Amasoka. Ali ndi makina opukusa ndi dzanja, poti opalasa ndi miyendo sangawathe, ndipo amakhala pa khonde la sitolo ina masiku a msika. Ulusi, zipi, nsalu ya mayunifolomu, mayunitsi a foni imene makasitomala amawaimbira, zonsezi zimabwera ndi VAT, imene kwa zaka zambiri idali pa 16.5 peresenti. Mu mtengo wa petulo muli misonkho ingapo, ndipo wa kabaza salipira yekha, amaigawira wokwera. Apa mpamene pali nkhani: anthu ena onse a m'mudzi mwathu amapita ku msika wapansi, ulere. Iwo ayenera kukwera njinga yamoto popita ndi pobwera, makina ali pamiyendo. Pa phindu la tsikulo, gawo loyamba limapita kwa wa kabaza asanagule mchere. Munthu amene amapeza zochepa kuposa tonse ndi amene amalipira zambiri kuti angofika pamene ife tafika kale.

Ndiwerengeko zina zimene fomu iliyonse imene ndaionapo sifunsa. Mphira za kunsi kwa ndodo zimatha msanga pa nthaka yathu yamiyala. Amalume amachita kudula tayala lakale n'kukhomerera, ndipo likatha osaona, munthu amaterereka pa matope. Nsapato imodzi imadyeka mbali imodzi pomwe inzake ikadali yatsopano, koma palibe sitolo yogulitsa nsapato imodzi. Chitsulo cholimbitsa mwendo chikathyoka, kokonzera kodalirika ndi ku Lilongwe, ku chipatala cha Kamuzu Central kumene kuli malo opangira zipangizo zotere, ndiye ulendo umenewo ndi wa anthu awiri, chifukwa paminibasi pafunika wokweza ndi wotsitsa. Munda ali nawo, gawo lawo la kuchikazi monga mwa mwambo wathu, koma mizere, kupalira ndi kubandira zonse ndi za aganyu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, waganyu adakweza, wa kabaza adakweza, wa ulusi adakweza. Amene sadathe kukweza ndi telala wa pakhonde, chifukwa makasitomala ake ndi alimi omwe aja.

Nanga boma lathu lilibe kanthu? Lili nako, ndipo mpanda umene ndikunenawu uli kumeneko. Thandizo lenileni la ndalama limene limafika m'midzi ndi Mtukula Pakhomo. Pologalamuyi idayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006 ndi thandizo la UNICEF, ndipo pofika 2018 idali itafika m'maboma onse 28. Ndalama zake zambiri zimachokera kwa abwenzi akunja, monga World Bank, European Union, Germany ndi Ireland. Kwa zaka zambiri boma lathu lakhala likulipira lokha boma limodzi, la Thyolo. Dedza ndi Nkhata Bay ndi maboma amene adayambirira kulowa m'kaundula wa UBR, uja amabwera ndi matabuleti n'kumafunsa za denga, pansi pa nyumba, ziweto, njinga ndi wailesi. Ndaona ndi maso anga agogo ena a m'mudzi mwathu, olera adzukulu anayi amasiye, akugula mbuzi ndi ndalama zimenezi. Amene amati Mtukula Pakhomo ndi kulimbikitsa ulesi sadagonepo ndi njala.

Koma taonani muyeso umene pologalamuyi idamangidwapo. Banja liyenera kukhala lovutikitsitsa, la mtundu uja wodya kamodzi pa tsiku, lopanda katundu wogwirika. Liyeneranso kukhala lochepekedwa mphamvu: mwina mulibiretu munthu wa zaka 19 mpaka 64 wotha kugwira ntchito, kapena wamphamvu mmodzi akusamala anthu oposa atatu. Odalira ndi ana, okalamba, odwala matenda amgonagona ndi aulumali. Pamwamba pa zonsezi pali denga: mabanja 10 okha pa 100 alionse. Ndipo banja, m'chiyankhulo cha kalembera, ndi anthu odyera mphika umodzi.

Tiyeni tiwerengetsere mphika wa kwathu. Amphamvu alipo awiri, amayi ndi abambo. Odalira ndi agogo, amayi aang'ono, ndi ang'ono anga awiri a ku pulaimale. Anayi pa awiri. Ngakhale mutandiphatikizapo ine wa ku koleji, amene kunena zoona ndimadya kuposa onsewo, asanu pa awiri sakufikabe. Sitili oyenera, ndipo palibe wa komiti amene angakhale atalakwa potidumpha. Masamu ndi amene akukana. Tsono sinthani chinthu chimodzi. Tinene kuti abambo apita ku Joni monga achitira amuna ambiri a kwathu, n'kungoti zii osatumiza kanthu. Wamphamvu watsala mmodzi, odalira anayi, chitseko chayamba kutseguka. Kapena tinene kuti amayi atopa, auza mng'ono wawo kuti aziphika yekha. Pamenepo amayi aang'ono asanduka banja paokha, banja lopanda wamphamvu, ndipo mbali imodzi ya muyeso yakwanira. Mwendo ndi womwe uja, ndodo ndi zomwe zija, mtengo wa kabaza sudasinthe. Chasintha ndi mphika basi.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi muyesowu. Ulumali umalowa m'masamu amenewa ngati dzanja limodzi losowa pa khasu. Fomu ikufunsa kuti pakhomo pano olima ndi angati, odya ndi angati. Sikufunsa kuti munthu uyu moyo ukumudyera ndalama zingati kuposa ena. Amayi aang'ono amawerengedwa mofanana ndi mwana wa sitandade 2, pakamwa pamodzi podyetsa, chonsecho iwo ndi munthu wamkulu amene amasoka mayunifolomu a theka la mudzi, ndipo chimene akusowa si wowadyetsa koma chowachotsera mtolo wapadera uja. Choipa kwambiri n'chakuti muyesowu umalanga zinthu ziwiri zimene timalalikira tsiku lililonse. Banja limene lasunga m'bale wawo pa mphika umodzi limagwa mayeso. Waulumali amene wadzilimbitsa n'kugula makina amaoneka wopeza bwino, chifukwa pa msonkhano wa m'mudzi wina adzaimirira n'kunena kuti, amene uja ali ndi geni, bwanji osalemba agogo akutiakuti? Ndipo wonenayo simungamudzudzule, chifukwa malo ndi khumi okha.

Za khumi pa 100 zimenezi ndikambeko pang'ono. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019 mpaka 2020 adapeza kuti Amalawi 50.7 pa 100 alionse ndi osauka, ndipo 20.5 pa 100 ndi osaukitsitsa. Denga la khumi lija tidatengera ku pologalamu yoyeserera ya ku Kalomo ku Zambia, imene idayamba mu 2003. Eni ake a ku Zambiawo adadzalisiya, n'kuyamba kuyang'ana magulu a anthu, ndipo banja limene muli munthu wa ulumali waukulu limalandira ndalama zochuluka kuposa mabanja ena. Ndi dziko limene timagawana nalo chiyankhulo, nsima ndi ngongole zomwe. Wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji amakwatirana, amaikana maliro, koma mwana wopuwala wa mbali iyo boma lake limamuona, wa mbali ino amaonedwa pokhapokha mphika wa kwawo ukalephera. Ndikudziwa kuti ndondomeko ya Mtukula Pakhomo ya 2022 mpaka 2027 ikukamba zosintha, kuti aziyang'ana magulu monga okalamba, ana aang'ono ndi aulumali. Ndi njira yabwino. Koma bola ngati munthu ayenera kudutsabe pa sefa ya umphawi wa banja lonse ndi denga la chiwerengero, waulumali wa m'banja losauka mwapakatikati, limene ndi banja la Amalawi ambiri, atsalabe panja.

Malamulo tili nawo, ndipo pa mapepala sitichepa. MACOHA idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, ndipo anthu ambiri adaphunzira ntchito zamanja ku Magomero ndi ku fakitale yoluka ya ku Bangwe. Mu 2009 dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la ulumali, limene lidalonjeza thumba lapadera la ndalama, thumba limene lidatenga zaka zambirimbiri lisanayambe kuoneka. Mu 2024 kudabwera lamulo latsopano limene lidasintha MACOHA kukhala MACODA. A FEDOMA akhala akufuula nthawi yonseyi. Koma mukafunsa amayi aang'ono kuti mwa zaka zonsezi chasintha n'chiyani, adzakuuzani kuti mawu. Kale anthu ankawatchula dzina lija loyamba ndi chi-, ngati chinthu. Lero pa wailesi amati anthu aulumali. Iwo amati kusinthako n'kwabwino ndithu, koma wa kabaza salandira mawu.

Mnzanga wina wa m'kalasi, amene ndimamulemekeza chifukwa amawerenga kuposa ine, adandifunsa mafunso awiri ovuta. Loyamba: ukati aliyense waulumali azilandira, ndalama zichokera kuti? Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, anthu oposa 1.5 miliyoni. Thumba lathu silingathe onsewo, ndikuvomera. Koma chiwerengero chimenecho chikuphatikiza ndi agogo amene maso angoyamba kuchita chifunga, amene akusowa magalasi chabe. Ofunika thandizo la mwezi ndi mwezi ndi amene vuto lawo ndi lalikulu, ndipo amenewo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chonsecho. Tikhoza kuyamba ndi iwowo, ndi ndalama yochepa, yolembedwa m'dzina la munthuyo osati la mutu wa banja. Dziko limene limapeza mabiliyoni a feteleza wotsika mtengo chaka ndi chaka, ndi kumachotsera msonkho galimoto za akuluakulu, lisamanene kuti nkhaniyi ndi ya masamu okha. Ndi nkhani ya amene timamuika patsogolo.

Funso lachiwiri ndi limene lidandisowetsa tulo: adzatsimikiza ndani? Ku South Africa, kumene a SASSA amapereka ndalama zoposa R2,000 pa mwezi kwa aulumali a zaka 18 mpaka 59, munthu amayenera kuyezedwa ndi dokotala wovomerezeka ndi boma. Ife tikatengera zimenezo ndiye kuti tamanga mpanda wina, wautali kuposa woyamba uja. Madokotala athu ndi ochepa ndipo ali pa boma ndi m'mizinda. Kuuza munthu wa ku Mayani woyenda chokwawa kuti akatenge kalata ku Dedza boma ndi kumuuza kuti alipire kabaza, minibasi, womuperekeza ndi chakudya cha panjira, kuti akagule pepala lonena zimene mudzi wonse ukudziwa. Ndikukumbuka ulendo wina umene ndidaperekeza amayi aang'ono ku chipatala china kukafuna kalata ya mtundu womwewu, yofunidwa ndi bungwe lina logawa njinga za aulumali. Tidafika m'mawa, tidakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, n'kuuzidwa kuti wosaina wapita ku msonkhano, tibwerenso Lachinayi. Ndalama ya Lachinayi idalibe pochokera. Njingazo adalandira ena.

Njira yapafupi ilipo, ndipo kalembera yemweyo adaigwiritsa kale ntchito. Pali mafunso ochepa amene akatswiri a gulu lotchedwa Washington Group adakonza. Safunsa kuti kodi ndinu wolumala, funso limene anthu ambiri amayankha kuti ayi chifukwa cha manyazi. Amafunsa ngati munthu amavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera, kukumbukira, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndi kumvana ndi anthu. Ndipo yankho limakhala la magawo anayi, kuyambira wosavutika konse mpaka wosatheratu. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale khomo ndi khomo ndi katemera ndi sikelo ya ana, akhoza kufunsa zimenezi ataphunzitsidwa bwino. Tidawaona mu 2022, poliyo itapezekanso mwa mwana wa ku Lilongwe patatha zaka 30 chiionekereni komaliza, akufika ndi madontho m'midzi imene galimoto sifika. Ngati tidatha kupeza mwana aliyense kuti timuteteze ku poliyo, sitingalephere kupeza amene poliyo idawapeza kale. Zokayikitsa zokha ndi zimene zingamadikire wachipatala, ndipo iyeyo ndiye azibwera pa chipatala chaching'ono cha m'dera pa tsiku lodziwika.

Mafunso amenewo nawo ali ndi mabowo ake, ndisabise. Mnyamata wa matenda akugwa amaona, amamva, amathamanga, ndipo akhoza kuyankha kuti sindivutika pa mafunso onse. Koma mwezi umene mankhwala asowa, mayi wake salima, amangomulondera kuti asagwere pamoto. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636, ndipo mtolo wawo ndi mafuta odziteteza ku dzuwa, zipewa, maso, ndi mantha amene tonse tikudziwa chiyambi chake. Wodwala maganizo amakhala bwino miyezi itatu, wachinayi n'kusokonekera. Muyeso uliwonse wongoyang'ana ndodo ndi njinga udzawaphonya amenewa, n'chifukwa chake pa fomu ya maloto anga ndingaonjezepo mafunso awiri: vutoli limakudyerani ndalama zingati pa mwezi, ndipo ndani amasiya ntchito yake kuti akusamaleni? Funso lachiwirilo ndikudziwa kale mayankho ake. Adzakhala maina a akazi okhaokha, ndipo ena mwa iwo ndi atsikana amene adayenera kukhala m'kalasi.

Za chinyengo ndiye musandiuze. Inde, alipo amene adzatsimphina tsiku la kalembera. Koma m'mudzi munthu sungatsimphine chaka chonse, anthu amakuona ukuthamangitsa mbuzi. Chinyengo chimene chadya dziko lino sichidachitike ndi anthu a ndodo. Cashgate ya 2013 idachitikira ku Capital Hill, pa makompyuta, ndi anthu a miyendo iwiri yabwinobwino. Zimandidabwitsa kuti tikamakamba za kuthandiza wosauka timayamba ndi kumanga mipanda isanu, koma tikamakamba za alawansi ya msonkhano wa ku nyanja, siginecha imodzi yakwana. Akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Anzanga amene tikukangana nawo pa WhatsApp, ambiri timakwera kabaza opanda chipewa tsiku ndi tsiku. Fomu imene tidzalembe tikadzakhala m'maofesimo, mwina tidzaidzaza tokha.

Tchuthi chapitachi nkhaniyi idafika pa mkeka kwathu, osati chifukwa cha ine. Kudamveka mphekesera yoti olemba maina abweranso, ndiye amalume, monga mwini mbumba, adaitanitsa akuluakulu madzulo ena. Maganizo awo adali achidule. Adati tiumbe njerwa, timangire amayi aang'ono kanyumba kuseri kwa nkhokwe, tiwapatse mphika wawo ndi mafuwa awo, kuti olembawo akadzafika adzawapeze ali banja paokha. Adati mabanja ena achita kale zimenezi ndipo palibe bodza, poti munthuyo azidzaphikadi yekha.

Amayi adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Achimwene, mwana wa mayi anga azikoleza moto wake yekha ine ndili moyo, chifukwa cha fomu? Nanga madzi azimutungira ndani, fomuyo?"

Amalume adati, "Chemwali, ine sindikuthamangitsa munthu. Ndikufuna boma limuone."

Onse awiri ankakamba ngati mwini nkhani palibe, chonsecho adali pomwepo, akusomeka ulusi pa singano ndi kuwala kwa tochi ya foni. Atamaliza kusomeka adati, "Nyumbayo ine ndikuifuna, achimwene, ndidayamba kuifuna kalekale. Koma ikhale ya ine, osati ya olemba maina. Khomo likhale lotambalala, pasakhale sitepe, chimbudzi chikhale pafupi ndipo chikhale ndi pogwira. Kudya ndizidya kwa achemwali monga kale. Akadzabwera a matabuletiwo mudzawauze zoona, akafuna alembe, akafuna asiye." Kenaka adatembenukira kwa ine. "Iwe wa ku koleji, m'mabuku mwanumo mulibe polemba munthu wodya kwa mkulu wake koma wogona kwake?"

Ndidawauza kuti pa fomu ya sukulu ino malo otero palibe, mphika ndi umene umalamula. Adaseka, n'kunena kuti ndiye mabukuwo adalemba ndi anthu osadziwa kudyera limodzi.

Njerwa tidaumba, ine ndi ang'ono anga ndi ana a amalume, masabata awiri. Pamene ndimanyamuka kubwerera ku sukulu zidali zitauma, zitasanjidwa pansi pa pepala lapulasitiki kuopa mvula yoyamba. Zikudikira ndalama ya nkhuni zootchera, ndipo amayi aang'ono akuti ichokera pa mayunifolomu a teremu ikubwerayi.